Chitseko Chimene Anasankha Kukonza

Tsiku limene magetsi anavuta m'sitolo ya mankhwala, Changu ndi amene anauzidwa kuti agwirire makwerero. Dzina limeneli anam'patsa ndi anzake a pantchito, chifukwa nthawi yoweruka ikangokwana iye amakhala ali panja kale, chikwama kukhwapa, osatsanzika munthu.

"Chemwali, makwererowa mwawagwira ngati akufuna kuthawa," anatero wamagetsi ali pamwamba.

"Mukagwa ndikayankha chiyani ine? Yang'anani mawaya anuwo, musandiyang'ane ine!"

"Ndikuyesetsa, koma pansipa pakuwala kuposa kudengaku."

Mababu atayaka, anzake onse anaomba m'manja. Changu yekha anangoyang'ana kumbali. Mnyamatayo anatsika, n'kugula mankhwala a mutu pomwe mutu sunkamupweteka, ndipo anachoka ndi nambala ya foni.

Mauthenga anayamba tsiku lomwelo.

"Nyenyezi yanga, wafika bwino? Usamamwetulire pafupi ndi ine, fyuzi ya mtima wanga ingapse."

"Mabodza a anyamata. Kodi mumawagula kuti?"

"Ine ndilibe chobisa, mtima wanga. Ndilibe mkazi, ndilibe mwana. Ndili ndi iwe ndi kagalimoto kokalamba basi."

Uthenga umenewu Changu anauwerenga mobwerezabwereza. Chobisa chinali kwa iye.

Kunyumba kwa achemwali ake, komwe ankakhala, kunali kamtsikana ka masaya onenepa, kongoyamba kumene sukulu ya mkaka. Kanali kamwana ka Changu, ndipo onse ankakatchula Kapwiti. Ameneyu ndiye ankamuthamangitsa poweruka. Bambo wa mwanayo anasowa mimba isanaoneke n'komwe. Mnyamata wina amene anabwera pambuyo pake anangoona timadiresi pachingwe, ndipo foni yake sinalirenso mpaka lero.

Nanga uyu akadzamva, sadzathawanso?

Choncho wamagetsi akamuperekeza, Changu ankatsikira pamphambano, kutali ndi geti. "Achemwali ndi ovuta," ankatero. Miyezi inkapita, chikondi chinkakula, koma za mwana uja sankazitchulabe.

Loweruka lina m'mawa foni inalira.

"Duwa langa, ndiperekeze ku galaja. Gogo wathu wa matayala uja wamaliza sevisi yaikulu, akuti ndikaone zimene apeza."

Changu anali asanalowepo m'galaja chibadwire. Atangoponda pakhomo anaima chilili. Galimoto ija, imene ankakwera tsiku ndi tsiku, inali m'mwamba! Zitsulo ziwiri zinali zitainyamula ngati khanda, matayala ali lendelende, anthu akuyenda pansi pake opanda mantha.

"Siigwa imeneyi?" ananong'ona atagwira malaya a wamagetsi.

"Alamu, lowani muone!" anafuula amakaniko, bambo a imvi, a mimba yaikulu, akupukuta manja pa kansanza. "Ikagwa ndikulipirani ine ndi ng'ombe."

Analowa mwakachetechete, mutu atauweramitsa. Amakaniko anayatsa tochi. Mayi wanga ine! Pansi pa galimoto panali dziko lina. Mapaipi okhotakhota ngati matumbo, timawaya topyapyala, zitsulo zolumana mano, mabawuti osawerengeka, chilichonse chitagwira chinzake. Changu anayang'ana kapaipi kamodzi kowonda ngati chala cha mwana.

"Aka n'kachiyani?"

"Mumadutsa mafuta a mabuleki m'menemo. Kakangoboka, mumaponda buleki n'kupeza phazi lafika pansi, galimoto ikupitabe."

Changu anakayang'anitsitsa. Ndiye kuti moyo wa anthu onse amene amadzaza misewu, oseka, oimba, ogona m'mipando, umapachikika pa kanthu kakang'ono chonchi? Anamva ngati ali m'tchalitchi. Anafuna kuvula nsapato.

Ataitsitsa galimoto, amakaniko anayamba kuizungulira akuloza ndi sipanala.

"Oilo tasintha, injini ikuimba bwino. Koma gogoyu matenda ndi ambiri. Mabuleki akumbuyo atha. Mpando wanu bwana chitsulo chinathyoka, n'chifukwa chake mumakhalira pilo ngati wodwala zithupsa. Galasi la mbali yanu silitsika, mumapsa ngati muli mu uvuni. Wailesi inamwalira. Hutala ikulira ngati mbuzi ya chimfine. Penti sindinena, alamu angachite manyazi. Zonse nthawi imodzi thumba silingalole, ndiye sankhani zofunika."

"Mabuleki!" Changu anayankha asanafunsidwe.

"Mwamva bwana? Mkazi ndi ameneyu."

"Ndi mpando," anawonjezera Changu. "Msana umamupweteka uyu, amangobisa. Ndimamuona akamatsika."

Wamagetsi anamwetulira, koma anapukusa mutu. "Mabuleki inde, mtima wanga. Mpando udikire."

Anapita ku chitseko cha kumbuyo, n'kuchitsegula. Kumeneko kunkakhala mawaya ndi bokosi la zipangizo, munthu sankakwerako. Anakoka lamba wa pampando, lamba anakanirira.

"Uyu musinthe, madala. Muike watsopano, osati wa kaunjika." Kenaka anagwada, n'kuloza kachitsulo kakang'ono m'mphepete mwa chitseko. "Ndi aka. Kanachita dzimbiri. Ndikufuna kazigwira ntchito mbali zonse ziwiri."

"Aa, bwana! Mukusiya msana wanu chifukwa cha kameneka? Kodi mawaya anu ayamba kutsegula okha chitseko?"

Wamagetsi anangoseka.

Changu sanaseke. Kachitsulo kameneko ankakadziwa. Mayi aliyense amene anakwerapo galimoto ndi mwana wa manja osakhazikika amakadziwa. Ukakatsitsa, chitseko sichitseguka kuchokera m'kati. Munthu wopanda mwana angakakumbukire bwanji? Angasiye bwanji msana wake ukupweteka, n'kusankha lamba wa mpando umene sakhalapo aliyense?

Pokhapokha ngati alipo amene amakhalapo.

Galaja yonse inazungulira.

"Mutu wandipweteka," anatero. "Ndikupita."

"Dikira ndikuperekeze, nyenyezi..."

"Ndati ndikupita!"

M'basi analemba uthenga: "Unati ulibe chobisa. Pita kwa mkazi wako ndi mwana wako amene ukumukonzera chitseko. Usandiimbirenso." Anatumiza, n'kuzimitsa foni.

Masiku otsatira Changu ankangoyenda ngati chithunzi. Kuntchito anapatsa kasitomala mankhwala a chifuwa m'malo mwa a m'maso, mwamwayi mnzake anaona msanga. Kunyumba ankamusambitsa Kapwiti misozi ikugwera m'beseni.

"Amama, sopo walowa m'maso?"

"Eya mwanangu, sopo."

Achemwali ake, mayi osadziwa kuzungulira nkhani, anapirira mpaka Lamulungu la sabata yotsatira. Atabwera kutchalitchi anam'peza atakhala pabedi, foni ili m'manja. Anali atangoiyatsa, ndipo mauthenga anali mbwee.

"Mkazi uti, mtima wanga?"

"Sindikudya. Ndalumikiza mawaya molakwika kwa kasitomala, belu la pageti likuyatsa fani."

Womaliza unali wa m'mawa womwewo: "Galimoto yatuluka. Masana ano ndikaima pamphambano pomwe umatsikira. Sindichoka, ngakhale unditumizire agalu."

Achemwali anawerenga, anamva nkhani yonse, kenaka anagwira m'chiuno.

"Ndiye iwe ukulira chifukwa mwina anakubisira mwana?"

"Ananama, achemwali!"

"Nanga uyu akudya nthochi apayu ndi wa ndani? Wa aneba? Anyani sasekana zikundu, mng'ono wanga."

"Zanga ndi zina. Ine ndimaopa."

"Ukudziwa bwanji kuti iye saopa? Dzuka, samba kumaso. Um'veke mwanayu diresi lake lachikasu. Ukam'funse bodza lake utagwira lako padzanja."

"Akathawa?"

"Akathawa ndiye kuti wakuchepetsera ntchito. Mwana si chilonda choti uzichiphimba ndi nsalu."

Njira ya kumphambano sinatalikepo chonchi. Kapwiti ankadumphadumpha, akuwerenga nkhuku za eni. Changu anagwira kadzanja kake mwamphamvu mpaka mwana anadandaula. Mumtima ankangopemphera: "Ambuye, akati athawe, athawe mwanayu asanamuzolowere nkhope."

Galimoto inali pomwepo, penti yake yosuluka, galasi la dalaivala lili chitsekere. Wamagetsi anatsika pang'onopang'ono atagwira msana, malaya atanyowa ndi thukuta. Anayang'ana Changu. Kenaka maso ake anatsikira pa diresi lachikasu.

Changu anatseka maso. Anadikira kumva chitseko chikumenyedwa, injini ikulira, matayala akuthawa.

Kunali zii.

Atatsegula maso anapeza mnyamata uja atanjuta pafumbi, nkhope yake ili pafupi ndi ya mwana.

"Moni, mayi wamng'ono. Ndiye ndinu eni ake a mpando wa kumbuyowu? Ndakudikirani nthawi yaitali."

Kapwiti anabisala kuseri kwa siketi ya amayi ake, diso limodzi lili panja.

"Ukuti chiyani?" mawu a Changu anatuluka ngati a munthu wina. "Unkadziwa?"

"Ndinkadziwa kuti alipo. Sindinkadziwa kuti ndi wokongola chonchi."

"Anakuuza ndani? Anzanga a kuntchito?"

"Unandiuza ndiwe, nyenyezi yanga. Tsiku lina galu anadumphira mumsewu, ine n'kuponda buleki mwadzidzidzi. Munthu aliyense amagwira kutsogolo kuti asamenye mutu. Iwe ayi. Dzanja lako linathamangira kumbuyo, kukagwira munthu amene kunalibe. Unamenya chipumi pagalasi osamva n'komwe. Ndinati mumtima, mkazi uyu ndi mayi."

Changu anagwira pakamwa. Iye sankakumbukira n'komwe za galu ameneyo.

"Bwanji sunandifunse?"

"Unali ndi mantha, ndimawaona. Ndikanakufunsa ukanathawa. Ndinati adzandiuza yekha tsiku lake likadzakwana. Koma tsiku limenelo ndisadzapezeke ndili ndi lamba wokanirira ndi chitseko choti mwana angatsegule tili pa liwiro. Msana ndi wanga, ungadikire. Uyu sangadikire."

Kodi anthu otere alipodi pansi pano? Changu anamuyang'ana ngati akumuona koyamba: mnyamata wa manja okhakhala, wa nthabwala zosatha, amene kwa miyezi yonseyi ankakonza malo a mwana amene sanamuonepo. Iye ankabisa mwana kuopa kutaya mwamuna, pomwe mwamunayo ankayalira mwanayo pokhala! Misozi inatsika yokha.

"Ndinakutukwana pachabe. Ndinakunamiza. Ndikhululukire."

"Unandipweteka, sindinama. Masiku amenewa ndinaonda, lamba wa buluku ndaboola bowo lina. Koma wokwatira kwa mphezi saopa kung'anima, ndipo ine ntchito yanga ndi ya magetsi."

Changu anaseka akulira.

Mawaya ndi bokosi la zipangizo zinali zitasamukira ku buti. Mpando wa kumbuyo unali wochapidwa, ndipo pakati pake panali kampando ka mwana, pulasitiki isanachotsedwe bwinobwino. Kapwiti atakaona anaiwala manyazi, anakwera yekha.

"Dikira!" anatero Changu. "Ndiyambe ndayesa ine."

Analowa, anakoka lamba, anamumasula, anamukokanso mwamphamvu. Lamba anagwira nga! Anam'manga mwana, n'kulowetsa zala pansi pa lamba kuona ngati sakumufinya. Kenaka anati, "Tseka chitseko."

Wamagetsi anatseka. Changu anakoka chotsegulira. Chitseko sichinasunthe. Anakokanso, anakankha ndi phewa, anayesa ndi mbali inayo. Chinali ngati khoma. Kwa nthawi yoyamba chibadwire Kapwiti, Changu anamva mapewa ake akutsika okha.

"Chabwino, chikugwira. Nditsegulire tsopano."

Mnyamatayo anasuzumira pagalasi, maso akuseka. "Mpata ngati uwu sudzapezekanso. Changu wakhala malo amodzi, sangathawe!"

"Iwe! Tsegula!"

Anatsegula, n'kukankhira chitseko mpaka kumapeto.

"Ndatsegula. Sindikufuna yankho la munthu wotsekeredwa. Njira ndi iyo, ukafuna kupita pita."

Atatero anagwada pafumbi, msana ukulira kuti gwede, n'kutulutsa kamphete m'thumba la malaya.

"Ndilibe wailesi, ndilibe hutala ya ulemu, ndipo m'galimoto muno mumatentha. Koma ndikulonjeza kuti inu awiri ndidzakufikitsani kulikonse muli amoyo. Nyenyezi yanga, undilola ndikhale mwamuna wako, ndi bambo wa mayi wamng'onoyu?"

Changu anayang'ana kampheteko. Amayi ogulitsa tomato pamphambano anali ataimirira kale, wina nthungululu ili kukamwa.

Kapwiti anatambasula khosi ali m'kampando kake, n'kukoka bulauzi ya amayi ake.

"Amama, ankolo agwa! Adzutseni!"

Changu anatsitsa miyendo pansi, anapereka dzanja lake lamanzere.

"Ndikuwadzutsa, mwanangu," anatero. "Ndi athu amenewa."