Nyemba Zopanda Mchere

Uyu ndi Kambalame. Dzinali anamupatsa ndi bambo ake. Ankati amadya ngati kambalame, kujompha pang'ono basi.

Koma tsopano wojompha anali bambo. Kambalame ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna bambo amalize chakudya m'mbale.

Bambo anali telala. Makina awo osokera anali pakhonde. Kale ankalira tsiku lonse. Tsopano anali zii. Anachita fumbi.

Bambo ankadwala. Magazi awo ankathamanga kwambiri.

"Mchere muusiye, bambo," anatero namwino.

Amayi anaphika nyemba zopanda mchere. Bambo analawa. Anakankha mbale.

"Ndi nyemba izi kapena mabatani?" anafunsa.

Palibe anaseka.

Amayi anaphika masamba opanda mchere. Bambo anakankha mbale. Amayi anaphika nsomba yopanda mchere. Bambo anakankhanso mbale.

Bambo anawonda. Thalauza linayamba kuwagwa. Analimanga ndi kachingwe.

Tsiku lina amayi anapita kukachapa. Bambo anaitana monong'ona.

"Kambalame, mwana wanga. Tandipatsako kamchere. Amako asamve."

Kambalame anawamvera chisoni. Anathira mchere m'kachitini ka mabatani. Anakabisa pansi pa makina.

Tsiku lililonse bambo ankatsina n'kuwaza m'mbale. Anayamba kudya. Kambalame anasangalala.

Koma mapazi a bambo anatupa. Nsapato zinakana kulowa. Mutu unkawapweteka.

M'mawa wina bambo anamva chizungulire. Anagwa pafupi ndi makina. Kachitini kanagubuduka. Mchere unamwazika pansi.

Amayi anayang'ana mcherewo. Anayang'ana bambo. Anayang'ana Kambalame. Sanakalipe. Misozi yokha inatsika.

Bambo anawagoneka kuchipatala. Pakhonde panali zii. M'nyumba munali zii. Kambalame anasesa mchere uja akulira.

Bambo anabwerako ali ofooka. Ankangogona kuchipinda. Mbale ankaikankhabe.

Kambalame anapita kumsika ndi amayi. Mayi wogulitsa masamba anamuyang'anitsitsa.

"Iwe mwana, nkhope yagweranji chonchi?"

"Ababa sakudya. Akuti chopanda mchere sichikoma."

"Aa! Wawanamiza ndani? Tanunkhiza ichi."

Anali adyo. Kambalame anakwinya mphuno.

"Nanga ichi?"

Anali jinja. Kambalame anayetsemula. Etsi!

"Tenganso mandimu awa," anatero mayi uja. "Amuna anganso anawaletsa mchere. Pano ndimachita kuwalanda mbale."

Atafika kunyumba, Kambalame anasenda adyo. Anasinja adyo ndi jinja. Amayi anakazinga anyezi ndi matimati. Kenako anathiramo nyemba.

Fungo linadzaza kukhitchini. Linadutsa pakhomo. Linafika kuchipinda.

"Amake mwana, mukuphika chiyani kumeneko?" anafunsa bambo.

Amayi anangomutsinzinira Kambalame.

Kambalame ananyamula mbale ndi manja awiri. Anagwada pafupi ndi bedi. Anafinyira ndimu pa nyemba.

"Kamchere kalimo?" ananong'ona bambo.

"Mulibe, ababa. Ndipo sindidzakupatsaninso."

Bambo anamuyang'ana nthawi yaitali. Anagwetsa nkhope.

"Ndinakulakwira, mwana wanga," anatero. "Wopempha ndinali ine."

Anatenga supuni. Analawa. Anakwinya nkhope chifukwa cha ndimu. Dzanja lawo linapita pa mbale.

Kambalame anatseka maso. Mtima unagunda. Gu, gu, gu.

Anatsegula diso limodzi.

Bambo sanakankhe mbale. Anaikokera pafupi.

Anadya supuni ina. Anadyanso ina. Anadyanso ina. M'mbale munayera.

"Zatsalako mumphika?" anafunsa bambo.

Amayi anali pakhomo. Anaseka, uku akupukuta m'maso ndi nsalu.

Bambo sanachire tsiku lomwelo ayi. Ankamwabe mankhwala. Ankayendabe pang'onopang'ono. Koma ankadya. Lero masamba a adyo. Mawa nsomba ya ndimu.

Mapazi anaphwa. Nsapato zinalowa.

M'mawa wina bambo anatuluka pakhonde. Anapukuta fumbi pa makina. Anatsegula kachitini kaja. Munali mabatani okhaokha.

Kambalame anakhala pambali ndi mbale yake.

"Ine ndamaliza zanga," anatero bambo. "Nawenso maliza, kambalame iwe."

Kambalame anaseka. Bambo anaponda makina.

Tcheke tcheke tcheke tcheke!