Makatoni a Bambo Kasprzak

Mkangano unayamba ndi makatoni. Bambo Vernon Kasprzak atafedwa mkazi, mwana wawo Curtis anawatenga kuti azikakhala naye mumzinda wa Toledo. Anafika ndi sutikesi imodzi ya zovala, koma makatoni anadzaza chipinda chonse. M'makatonimo munali timabuku ta mpira wa besibolo: mapulogalamu amene amagulitsa pageti tsiku la masewera, ndi mabuku apachaka okhala ndi zithunzi za osewera onse a timu. Anayamba kusunga zimenezi akadali mnyamata wa kabudula.

Curtis ankayendetsa malole, ndipo kunyumba ankangobwera kudzasintha zovala. M'nyumbamo munkatsala anthu awiri, Bambo Kasprzak ndi mpongozi wawo Jolene, koma mawu awo sankapitirira moni. Mkuluyo ankadzitsekera m'chipinda n'kumavundukula timabuku take. Anzake amene ankakuwa nawo kubwalo onse anali atatsikira kuli chete.

Tsiku lina Jolene anagogoda.

"Bambo, mawa kubwera munthu wodziwa mitengo ya zinthu zakalezi. Tagwirizana ndi a Curtis."

"Mwagwirizana? Pa katundu wanga?"

"Adzangoona basi."

"Lero kuona, mawa kugulitsa, mkucha munditaye kunyumba ya okalamba. Ndikukudziwani!"

Anamenyetsa chitseko mpongoziyo akadali chiimire.

Munthuyo anabweradi, Bambo Whitlock, wamimba yaikulu, atakoleka magalasi pakhosi. Anasamba m'manja kaye asanagwire chilichonse, ndipo zimenezo zinawafewetsa mtima Bambo Kasprzak.

"Aka mwakasunga bwino, akulu," anatero Whitlock akukweza kabuku kofiirira. "M'makona simunapindike, timawaya tapakatiti sitinachite dzimbiri. Komanso n'ka chaka chimene timu inatenga chikho. Aka kokha anthu akhoza kukanganirana. Koma aka..." Anaseka. "Munkadyerapo soseji kapena?"

"Ndi masitadi wothira pa soseji ameneyo! Anagwetserapo ndi mkazi wanga Lucille. Mpira utauluka kudutsa mpanda analumpha n'kuiwala kuti wanyamula chakudya."

"Ndiye amayiwo anakuwonongerani chuma. Banga limeneli latsitsa mtengo, komanso mwalembamo zigoli ndi pensulo. Ogula amafuna koyera ngati sikanapiteko kubwalo."

"Kabuku kosapita kubwalo n'kachiyani?" anafunsa mkuluyo, ndipo onse awiri anaseka.

Bambo Kasprzak anadabwa kumva kuseka kwawo komwe. Chimwalirireni Lucille, palibe anawafunsapo funso n'kudikira yankho. Kabuku kalikonse ankakatulutsa mwapang'onopang'ono, n'kukafotokoza: amene anaponya mpira tsikulo, mvula imene inawanyowetsa, basi imene inawasiya. Kenaka Whitlock anayamba kuvala jekete.

"Ndamaliza, akulu. Abwino kwenikweni ndi ochepa, ndawaika padera. Enawa asungeni, ndi okumbukira chabe."

"Mubwerenso mawa. Pali ena simunawaonetsetse."

"Ndaona onse."

"Ndikulipirani," anatero mkuluyo atagwira mkono wa jekete la mlendoyo. "Musaone chilichonse. Mungobwera tidzacheze. M'nyumba muno mulibe munthu."

Whitlock anayang'ana kukhomo, n'kuzolika. Jolene anali ataima pomwepo ndi makapu awiri a khofi. Mlendoyo anatsanzika mwachangu n'kutuluka.

Jolene anaika makapuwo pakatoni, khofi n'kutayikira.

"Mulibe munthu? Nanga ine ndine mpando, Bambo?"

"Inu mumangofuna chipindachi."

"Inde ndimachifuna!" Misozi inali itayamba kale kutsika. "Munayang'anapo khoma limene mwalitchinga ndi makatonili? Ndinalipaka ndekha utoto wachikasu, ndili ndi pakati. Mwanayo anabadwa wakufa. A Curtis anangokhala masiku ochepa n'kubwerera kumsewu, kenaka n'kubwera ndi inu. Ndinati Mulungu wandikumbukira, ndapeza wolankhula naye. Inu munangofika n'kutseka chitseko! Ndimafuna makatoniwa achoke kuti mwina mungatuluke, muone kuti kunjaku kuli munthu."

Anathamangira kukhitchini akulira, chitseko n'kuchimenyetsa.

Bambo Kasprzak anakhala pabedi nthawi yaitali. Curtis anawauzapo za mwanayo pafoni, nthawi imene Lucille anali kuchipatala, ndipo nkhaniyo inamira m'chisoni chawo chomwe. Sanampepesepo mpongozi wawo. Anadzuka, nakankha makatoni a kuzenera mpaka msana unawawa. Khoma linaonekera, lachikasu, ndipo m'munsi mwake munali tiabakha tojambula pamanja, tina tosamaliza.

Anapita kukhitchini. Jolene anali atatsamira sinki, akuyang'ana chipale chofewa chimene chinkagwa pabwalo.

"Mayi, ndalakwa," anatero. "Ndimayesa wofedwa m'nyumba muno ndine ndekha. Muwaimbire a Whitlock atenge amene asankha aja, ndi ena onse amene angafune. Ine anditsalire katoni imodzi. Chipindacho chipume."

Jolene sanacheuke. Mkuluyo anakoka mpando n'kukhala.

"Anali wamkazi kapena wamwamuna?"

"Wamkazi."

"Munamutcha dzina?"

Mapewa a Jolene anagwedezeka.

"Rosalind. Palibe anandifunsapo. Ngakhale a Curtis salitchula."

"Rosalind Kasprzak," mkuluyo anatchula pang'onopang'ono, misozi ikulowa m'makwinya a nkhope yake. "Mdzukulu wanga. Munamuika kuti?"

"Kuseri kwa tchalitchi. Ndimapitako ndekha."

Bambo Kasprzak anaimirira, natenga jekete lawo ndi la mpongozi wawo pa msomali wa kuseri kwa chitseko.

"Valani, mayi. Mukandionetse."