Chimene Chikhu Anabisa mu Uvuni

Pakhomo pa a Mose ku Senga Bay panalibe chuma choti n'kusimba, koma panali mtendere. A Mose anali mkulu wa mpingo, munthu amene anagwira ulonda ku Lilongwe zaka khumi ndi zinayi asanabwerere kwawo kudzalima mpunga. Akazi awo, a Dailesi, ankawamba nsomba. Kuseri kwa nyumba anali ndi uvuni wa njerwa wofika m'chiuno, mawaya oyalapo nsomba pamwamba, poika nkhuni m'munsi. Mlamba wotuluka mmenemo anthu ankautsata kuchokera ku Khombedza. Uvuni umenewo ndiwo unaphunzitsa mwana wawo mmodzi yekhayo, Chikhulupiriro, mpaka Fomu 4. Ndiwonso unamugulira njinga yamoto yoti azichitira kabaza pakati pa Senga Bay ndi Salima.

Chikhu sanali mwana woipa, ayi. Ankaimba besi mu kwaya, ndipo akaweruka ankabwerera amayi ake nkhuni. Vuto lake linali limodzi, ndipo ndi limene lamaliza anyamata ambiri: sankapirira kusekedwa.

Tsiku lina masana pa siteji ya ku Salima analimbirana kasitomala ndi wakabaza mnzake, chimphona cha munthu. Chimphonacho sichinataye nthawi ndi mawu. Chinamuwaza mbama, phaa! Chikhu anakhala pansi m'fumbi, anthu n'kufa nacho chikhakhali. Choipitsitsa, Sharon, mtsikana wogulitsa mayunitsi amene Chikhu ankamufuna, anaona zonse ndipo anabisa nkhope m'chitenje. Kaya ankaseka kaya ankamva chisoni, Chikhu sanafunse.

Amene anamudzutsa ndi Macdonald. Ameneyu anali atabwera kumene kuchokera ku Joni, ndipo palibe ankadziwa ntchito yake. Ankavala jekete lachikopa ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Anamutengera kuseri kwa shabini, n'kumugulira botolo loyamba m'moyo wake.

"Mphwanga, ukudziwa chifukwa chake akuwaza mbama?" anatero Macdonald. "Ulibe kanthu m'chiunomu. Ku Joni munthu wopanda kanthu m'chiuno ndi nkhuku."

Anatukula jekete pang'ono. Chikhu anaona chigwiriro chakuda cha pisito.

"Akulu, si mlandu umenewu?"

"Mlandu ndi wa ogwidwa. Mvera ndikuphunzitse. Posankha mfuti usatengeke ndi kukula. Zazikuluzo ndi za alonda ngati abambo ako, zoopsezera agalu. Mwamuna amasankha kakang'ono, kokwana m'dzanja, koti ukakhala pa njinga sikaoneka. Ndipo usamakaike m'thumba ngati foni. Malo ake ndi pa lamba, jekete pamwamba."

"Nanga chiphaso?"

Macdonald anaseka mpaka kutsokomola. "Chiphaso! Uja wakumenya uja anakuonetsa chiphaso cha mbama?"

Sabata isanathe, mbuzi ziwiri zimene Chikhu ankaweta pakhomo zinasowa m'khola. Iye anauza makolo ake kuti zabedwa, ndipo anathandiza nawo kufunafuna m'tchire, mwana wopanda manyazi! Mbuzizo zinali kwa Macdonald, ndipo pisito inali pa lamba wa Chikhu.

Kuyambira pamenepo anasintha kayendedwe. Anagula jekete pa kaunjika ndipo sankalivula ngakhale thukuta likuyenderera m'msana. Ku kwaya analeka, akuti nyimbo zake n'zomwezomwezo. Madzulo ankakhala kuseri kwa shabini kumvetsera nzeru za Macdonald, amene pa nkhani ya mfuti anali ngati m'busa pa guwa.

"Mfuti yopanda chipolopolo ndi mwala," ankatero. "Izikhala yodzaza nthawi zonse. Mdani sakupatsa mpata woti upise m'thumba. Ndipo uziisamala kuposa mkazi. Uziipukuta ndi mafuta a makina osokera. Kuno kunyanja mdani wake wamkulu ndi chinyezi. Ukaigoneka pansi pa mphasa, mwezi umodzi yachita dzimbiri. Uziisunga pouma, pouma penipeni."

Chikhu ankameza zonsezi ngati mawu a m'Baibulo.

A Dailesi sanachedwe kuona kuti mwana wawo wasintha. Tsiku lina m'mawa anamuimitsa akutulutsa njinga.

"Iwe, jekete limenelo wakwatirana nalo? Bwera nalo ndichape, likununkha."

"Lisiyeni, amayi."

"Ukulankhula ndi ine choncho? Mowa wayamba, tchalitchi waleka, anzako ndi a Macdonald osadziwika chimene amadya. Mwananga, ine manja awa anapsa ndi moto kuti iwe ukhale munthu. Ukundibwezera zimenezi?"

Chikhu analiza njinga kuti asamve zotsalazo.

Chinthu chimene wanyamula tsiku ndi tsiku chimayabwa kuti uchionetse. Chimphona chija anangochitukulira jekete, ndipo kuyambira tsiku limenelo chinkamupatsa moni wa manja awiri. Chikhu anamva kukoma. Anayamba kulanda makasitomala pa mzere, wina akadandaula iye n'kugwira m'chiuno. Sharon analeka kumuyankha moni, koma iye ankati ndi ulemu umenewo.

Kenako anachita zimene zinafika kwa abambo ake. Pa sitejipo panali a Omari, bambo wachikulire amene ankayang'anira mzere wa akabaza. Atamuuza kuti adikire nthawi yake, Chikhu, ali ndi mabotolo awiri m'mutu, anasolola pisito n'kuwaloza pachifuwa, masanasana, anthu akuona.

A Omari sanathawe. Anangomuyang'ana n'kunena kuti, "Wallahi, ndikadapanda kudziwa amayi ako, bwenzi pano ndili ku polisi. Koma ndipita kwa a Mose."

Ndipo anapitadi.

Chikhu atafika pakhomo madzulo anapeza abambo ake atakhala pakhonde, Baibulo lili pa ntchafu. Amayi ake anali chakumbali, maso ali psuu ndi kulira. Chikhu anali atamva kale mphekesera, choncho pisito anali ataikankhira mu udzu wa mpanda asanalowe.

"Ili kuti?" anafunsa a Mose.

"Chiyani, ababa?"

"Usandiyese mwana. Ine mfuti ndaigwira zaka khumi ndi zinayi, ya chiphaso, yolembedwa. Poweruka ndinkachotsa zipolopolo, kuziwerenga pamaso pa bwana, mfuti n'kuitsekera m'kabati yachitsulo. Sindinabwere nayo m'nyumba ngakhale tsiku limodzi. Ukuganiza kuti ndinali wamantha? Ndinaona mnzanga akuikidwa m'manda chifukwa cha mfuti imene aliyense ankalumbira kuti ilibe kanthu. Ndiye iwe, wophunzitsidwa ku shabini, ukuloza a Omari? Bweretsa kuno, mawa tipite nayo limodzi ku polisi. Ndikaima nawe."

Apa ndiye panali pothawira. Khomo la chikhululukiro linali lotsekula, abambo ake akumudikira. Koma Chikhu anaganiza za pa siteji, za chimphona chija, za kusekedwanso.

"Ndaitaya m'nyanja, ababa. Nditachita zija ndinachita mantha. Ndinakwera pa thanthwe n'kuiponya pakuya."

A Mose anamupatsira Baibulo. "Gwira apa unenenso."

Anagwira, nanenanso, mawu osanjenjemera n'komwe. A Dailesi anagwada pomwepo kuthokoza Mulungu, ndipo tsiku limenelo anamuphera nkhuku.

Tsopano pisito aisunge kuti? Kuyenda nayo sikukanathekanso, m'nyumba amayi ankasesa paliponse, ndipo mu mpanda munali mame. Anakumbukira malangizo a mphunzitsi wake: pouma penipeni. Masiku amenewo mwera unali utakalipa. Kwa masabata awiri asodzi sankalowa m'madzi, nsomba zinasowa, ndipo uvuni wa a Dailesi unali wozizira. Kodi pakhomopo panali malo ouma kuposa amenewo? Makolo ake atapita ku mapemphero a Lachinayi, Chikhu anaipukuta ndi mafuta, yodzaza monga anamuphunzitsira, n'kuikulunga m'kansanza. Anapisa mkono poika nkhuni, napeza mpata pakati pa njerwa zamkati, n'kuilowetsa mmenemo moyambira chigwiriro kuti ikwane, kukamwa kwake kutaloza kunja. Ankati adzaichotsa mwera ukangoleka.

Mwera suuza munthu tsiku lolekera. Lolemba lotsatira Chikhu analawirira ku Salima ndi kasitomala. Cha m'ma 10 koloko, ali pa siteji, anaona njinga zikufika ndi madengu odontha madzi.

"Nyanja yagona!" anafuula wina. "Lero ku doko mlamba wachita kutayika!"

Chikhu anakumbukira uvuni. Amayi ake sakanalola tsiku ngati limenelo kuwadutsa. Anatulutsa foni n'kuwaimbira.

"Amayi, muli kuti?"

"Ndili pakhomo, mwananga, ndangomaliza kutumbula mlamba. Madengu atatu! Mulungu watikumbukira."

"Musayatse uvuni."

"Wati chiyani?"

"Musayatse uvuni, amayi. Dikirani ndifike."

"Iii, chifukwa chiyani? Nsomba ziwole ndikudikira iwe?"

Chikhu anatsekula pakamwa kuti anene. Ndiye anamva mawu a abambo ake chapatali mu foni muja: "Ndi Chikhu ameneyo? Akuti bwanji?" Anaona Baibulo lija, dzanja lake lili pamwamba. Anaona nkhope imene a Mose akanamuyang'ana nayo. Anadziuza kuti moto wowambira nsomba ndi wofatsa, kuti njinga yake imathamanga, kuti afika nthawi ilipo.

"Njerwa zina zagwedera m'katimo," anatero. "Ndikufuna ndikonze kaye."

A Dailesi anaseka. "Njerwa! Uvuni umenewu ndinaumanga iwe usanabadwe. Wayamba liti umisiri? Gwira ntchito yako, bambo. Pobwera ugule mchere." Foni inaduka.

Anaimbanso, koma inangolira yokha pakhonde, mwini wake ali kuseri ndi nkhuni.

Chikhu anathamanga pa msewu wa ku Senga Bay ngati wamisala. Anapemphera panjira, iye amene anali atasiya kupemphera, koma ngakhale m'pempheromo ankapempha zinthu ziwiri, kuti amayi ake apulumuke ndiponso kuti abambo ake asadziwe. Atakhota kulowa m'mudzi anaona utsi ukukwera kuseri kwa nyumba yawo. Kenako anamva kulira kwa amayi a m'mudzimo.

A Dailesi anali atagwada pakamwa pa uvuni kusonkhezera moto, monga ankachitira zaka zonsezi. Chitsulo chitatentha, pisito inalira yokha. Chipolopolo chinawalowa pansi pa khosi. Anawanyamula pa galimoto yonyamula nsomba, mutu uli pa ntchafu za a Mose, koma ku chipatala anafika atazizira kale. Mlamba unapserera pa mawaya, palibe anaukumbuka.

Apolisi atafukula njerwa n'kupeza chitsulo chakuda chija, sanavutike kufunsa mwini wake. Siteji yonse inkamudziwa. Macdonald, katswiri wa malangizo uja, anasowa tsiku lomwelo, ena akuti anamuona akukwera basi ya kumalire. Chikhu sanaponye dothi m'manda a amayi ake. Nyimbo za maliro anaziimba anzake a kwaya iye ali m'chitokosi.

Patapita masiku anayi a Mose anabwera kudzamuona. Ankaoneka ngati akalamba ndi zaka khumi. Sanakhale pansi.

"Ndabwera ndi funso limodzi," anatero. "Pa foni paja unkadziwa?"

Chikhu anagwira zitsulo za chitseko. Bodza linabwera lokha pa lilime monga linazolowera, koma ulendo uno analimeza.

"Ndinkadziwa, ababa."

"Ndinali pomwepo. Ndinafunsa kuti ukuti bwanji." Mawu awo anali otsika, opanda ukali, ndipo zimenezo zinapweteka kuposa ndodo. "Ukadangoti muli mfuti mmenemo. Basi. Ndikadakukalipira. Mwina ndikadakumenya, ndi ukulu wa mpingo wangawu. Ndikadakuperekeza ku polisi. Koma lero amayi ako akadakhala akukuphikira chakudya chobwera nacho kuno. Unayeza manyazi ako ndi moyo wawo, manyazi ako n'kulemera."

"Ndikhululukireni, ababa."

"Mulungu amandilamula kutero, ndipo ndikumupempha mphamvu. Sanandipatsebe." Anaika kaphukusi ka mbatata pansi. "Ndaphika ndekha. Sizinapse bwino."

Anatembenuka n'kumapita, akuyenda ngati munthu wosenza thumba lonyowa.

Inu anyamata amene mukusirira za m'chiuno mwa anzanu, imvani. Nkhuyu zodya mwana zimapota akulu. Mfuti ya mumdima siichotsa manyazi, imangosamutsa maliro kuwabweretsa pakhomo panu, ndipo wokuphunzitsani kuisankha, kuinyamula ndi kuipukuta sadzakhalapo pokumba manda. Mukalakwa, nenani msanga, nthawi yonena ikadalipo. Chikhu ananena zoona patapita masiku anayi, ndipo amene ankafunika kuzimva anali ali kale pansi pa dothi.