Dzanja la a Kumwenda

Madzulo amenewo analibe chachilendo. Kunkatentha monga kumatenthera pa Chama mwezi wa Okutobala, kutentha koti ngakhale agalu amachita ulesi kuuwa. Jenereta ya pa boma inkalira kuseri kwa maofesi. Fridah Zimba anali ataima pansi pa mtengo wa mango, kudikira kuti anthu onse aweruke.

Fridah anali kalaliki wosunga mafayilo pa ofesi ina ya boma. Chaka chimenecho, 1998, boma linkadulabe antchito. Chaka cham'mbuyo mwake kunabwera makompyuta, ndipo pambuyo pake kunabwera Madamu Hazel, mphunzitsi wa pa koleji ina ya ku Lusaka, kudzaphunzitsa makalaliki chiyambi chake: kuyatsa, kuzimitsa, kutayipa, kukonza matebulo, ndi kuseva ntchito kuti isatayike. Mawu a mabwana anali achidule. Wokhoza atsala pa ntchito. Wolephera apinde mphasa, azipita kumudzi.

Fridah analibe kopita. Mwamuna wake atamwalira, achibale a mwamunayo anasesa m'nyumba mpaka masupuni. Chimene chinamutsalira ndi ana awiri ndi nyumba ya boma, ndipo nyumbayo imapita limodzi ndi ntchito.

Koma kutayipa kwake, abale inu! Zala ziwiri zokha, ngati nkhuku yojompha chimanga. Mayeso anali akuti aliyense atayipe masamba amene Madamu anagawa, aseve pa disiketi yake, kambale kosungirapo ntchito, m'dzina limodzi limene linalembedwa pa bolodi, ndipo apereke disiketiyo m'mawa mwake. Anzake anali atamaliza. Iye anali asanafike ndi pakati pomwe.

Nchifukwa chake anakachonderera Jack, mlonda wa pa ofesipo.

"Madamu anakana, mukudziwa," anatero Jack. "Wopezeka m'kati nthawi itakwana walephera pomwepo."

"Ndikudziwa, a Jack. Manje ana anga ndikawagoneka kuti?"

Jack anakanda m'mutu. Anayang'ana chitseko cha chipinda cha makompyuta, nayang'ananso kumbali.

"Ndikutsekerani kunja kuti anthu asadziwe. Jenereta isanazime ndibwera. Isanazime, mwamva?"

Fridah sanafunse chifukwa chake ananena kawiri. Akanafunsa.

Chipindacho chinali chachitali, mawindo ake okhala ndi zitsulo. Makompyuta anali atavundikiridwa ndi nsalu chifukwa cha fumbi. Fridah anavundukula yake ya kutsogolo, nalowetsa disiketi, nayamba kujompha. Kumbuyo sanayang'aneko. Kompyuta ya kumapeto, pafupi ndi khoma, palibe ankaifuna. Inali itafa kuyambira nthawi ya mvula, komanso ndi pamene ankakhala a Meshack Kumwenda.

A Kumwenda anali wotayipa wamkulu wa ofesiyo kuyambira Fridah asanabadwe. Pa taipulaita yawo yakale zala zinkagwa ngati mvula pa malata. Mzere ukatha kabelu kankalira, ndipo dzanja lawo lamanzere linkauluka n'kukankha kachitsulo kobwezera pepala. Chaka chapitacho anali m'gulu loyamba kuphunzira kompyuta. Kutayipa ankaposa onse, koma dzanja lija silinamve kuti zinthu zasintha. Mzere ukatha linkaulukabe n'kumenya mbali ya bokosi la sikirini, pha! Achinyamata ankafa nazo nseko. Fridah nayenso anasekapo, osabisa.

Chimene chinawakanika ndi kuseva.

"Ndasevanji?" ankafunsa. "Chinthu ndalemba kale, ndikuchiona ndi maso anga. Chipita kuti?"

Tsiku la mayeso awo magetsi anaphethira kamodzi kokha, ndipo zonse zinapita. Anawadula. Anabwerera kumudzi kwawo ku Kambombo kukagwira khasu ndi manja amene sanalizolowere, ndipo chimanga chisanakhwime anali atawaika m'manda. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Fridah ankadziwa bwino zimenezo, nchifukwa chake iye ankaseva pafupipafupi ngati munthu wamisala.

Anatayipa mpaka msana kuwawa. Thukuta linkatsika m'khosi. Kunja mawu a anthu anachepa, kenaka anatheratu. Atafika pa tsamba lomaliza anasevanso, napumira m'mwamba. Sanamalize, koma zimene anali nazo zikanatha kumupulumutsa. Anatulutsa disiketi naigwira m'manja.

Jenereta inatsokomola. Inatsokomolanso. Inazima.

Mdima unagwa bii. Fridah anapapasa mpaka pa chitseko. Chinali chokhoma.

"A Jack," ananong'ona. "A Jack!"

Zii.

Anakhala pansi, natsamira chitseko. Abwera, anadziuza. Mwina wangozungulira kuseri. Kutali kunkalira fisi, koma fisi ndi wa masiku onse, sanamuope.

Kenaka anazindikira kuti akuona manja ake.

Kuwalako kunkachokera kumbuyo. Kompyuta ya kumapeto inali itayaka pansi pa nsalu yake, kuwala kobiriwira kukudutsa m'maluwa a chitenje. Fridah anayamba kudzipangira zifukwa. Mwina ili ndi batire. Mwina Madamu anaikonza osatiuza. Ali m'kati moganiza, nsalu ija inayamba kutsetsereka pang'onopang'ono, ngati munthu akuikoka mosamala kuti asadzutse fumbi. Inagwa pansi.

Mpando unalira.

Batani limodzi linagunda. Lina. Kenaka mvula ija inayamba, mvula ya pa malata imene Fridah anaimva zaka zonse kudzera pa khoma la ofesi yake. Inathamanga, inathamanga, ndipo mzere utatha:

Pha!

 Kununkha kunamupeza Fridah pamene anakhalapo, fungo la inki ya taipulaita losakanikirana ndi fodya wa pamphuno. Pa mpando panali munthu. Ankaoneka msana wokha, jekete lotuwa lonyezimira m'zigongono, ndi mutu wa imvi wowerama pang'ono kumanzere.

Anachita mantha amene sanawachitepo chibadwire. Anafuna kupemphera, koma Atate Wathu anamuthawa m'mutu.

Mvula inaleka.

"NyaZimba."

Ndi munthu mmodzi yekha pa ofesi yonse amene ankamuitana choncho, mwaulemu wa kumudzi. Fridah anatseka pakamwa ndi dzanja. Mwana aliyense wa m'chigwa amadziwa kuti ukaitanidwa usiku ndi mawu amene sukuona pakamwa pake, suyankha.

"NyaZimba."

Analuma chala.

"NyaZimba, mwana wanga, tabwerani mundithandizeko."

Ha, chizolowezi n'choipa! Zaka zonsezo, mkulu ameneyo akaitana, Fridah ankasiya chilichonse n'kuthamanga ndi fayilo m'manja. Pakamwa panayankha pokha mutu usanalole.

"Ndabwera, a Kumwenda."

Miyendo inamunyamula. Anadutsa pakati pa matebulo, naima kumbuyo kwa mpando, chakumbali pang'ono monga amaimira mwana pafupi ndi wamkulu. Pafupi ndi jekete lija panali pozizira ngati m'mawa wa mu Juni. Nkhope sanaiyang'ane. Anayang'ana sikirini. Anali masamba a mayeso omwe aja, onse, mpaka mzere womaliza.

"Ndimalemba," anatero a Kumwenda, mawu awo otopa. "Ndimamaliza bwinobwino. Kukacha palibe. Ndibweranso, ndilembanso. Kukacha palibe. Manje pepala langa limapita kuti?"

"Simunaseve, a Kumwenda."

"Ndiye chimene ankanena Madamu chija?"

"Ee."

"Mundichitireko imwe. Ine ndatopa."

Fridah anayang'ana kabowo kolowetsera disiketi. Munalibe kanthu. Makompyuta a m'chipindamo Madamu anawatchera kuti ophunzira aziseva pa disiketi pokha, ndipo disiketi m'chipinda chonsecho inali imodzi, imene inali m'dzanja lake, yonyowa ndi thukuta.

Anailowetsa. Anagwira mausi, nadina monga anaphunzirira. Pa sikirini panatuluka kabokosi ka funso la m'Chingerezi. Ankalidziwa funsolo. Madamu ankachita kumenya tebulo polifotokoza: dzina likakhala limodzi, chatsopano chimafafaniza chakale, choncho werengani musanadine. A Kumwenda anali atalemba dzina lomwe lija la pa bolodi. Akavomera, ntchito yake yonse ya usikuwo ndi ya masiku onse apitawo ipita.

Akanatha kusintha dzinalo. Ankadziwa kuti njira ilipo. Koma mutu unali utauma, ndipo kuzizira kuja kunali kutafika pa chigongono chake.

"A Kumwenda, muli ntchito yanga umu. Ndili ndi ana."

"Nanenso ndinali nawo."

Sananene mwaukali. Ananena mofatsa, ngati munthu wouza mnzake kuti kunja kwayamba kuwaza. Fridah anakumbukira tsiku limene mkuluyo anatuluka pa geti akukankha njinga, kapu yake ya tiyi ili m'thumba la jekete, popanda ndi mmodzi yemwe womuperekeza. Chisoni chinamugwira pamodzi ndi mantha, osadziwa kuti chachikulu n'chiti.

Anadina kuvomera.

Disiketi inalira, krrr, krrr. Kanyali kake kanaphethira n'kuzima. Pambali pake wina anapuma mpweya wautali, wa munthu amene watula katundu. Chinthu chozizira chinakhudza dzanja lake lamanzere, pamwamba pa zala, n'kukhalapo kanthawi.

Sikirini inazima.

Jack anatsegula chitseko kum'mawa kukuyera. Anamupeza atakhala pa mpando wa kumapeto, msana uli chilili, manja onse awiri ali pa mabatani, maso ali tong'o.

"Mayo ine! Amai Zimba, tulukani msanga Madamu asanafike!"

"Munali kuti?"

Jack anagwetsa nkhope.

"Ndinachedwa pang'ono. Pofika pa khomo magetsi anali atazima, ndipo a Kumwenda anali atayamba kale kutayipa. Ine ndimawamva kuyambira kalekale, amai. Akayamba sindiyandikira."

Anawerama kuti atole nsalu, ndipo anaima chomwecho. Chingwe cha magetsi cha kompyutayo chinali chokulungidwa bwinobwino pansi pa tebulo, chomangidwa ndi kamphira, akangaude atalukapo kale.

Fridah anapita kunyumba, nasambitsa ana, nabwerera. Njira yonse ankadziwa kuti ntchito yatha. Kaya mu disiketimo mupezeka mulibe kanthu, kaya zopanda mutu, kwake kunali kutatha basi.

Madamu Hazel ankatsegula madisiketi pamaso pa onse. Atafika pa ya Fridah anasendera pafupi ndi sikirini. Anatsitsa tsamba, natsitsanso. Anavula magalasi.

"Fridah, wakulembera ndani?"

"Palibe, Madamu."

"Usandipusitse iwe. Mulibe cholakwika ngakhale chimodzi umu. Dzulo lomweli unkasaka chilembo chilichonse ngati wataya ndolo." Anakoka mpando. "Khala apa. Tayipa tsamba ili ine ndikuona. Ukalephera, ndikalemba kuti unabera, ndipo ukudziwa chotsatira."

Anthu anasonkhana kumbuyo kwake. Wina anatsokomola pobisa kuseka. Fridah anakhala pansi, misozi ili m'maso, natukula zala zake ziwiri zija.

Zinatsika zonse khumi.

Mvula inagwa pa malata. Fridah sankayang'ana mabatani, sankayang'ana ngakhale sikirini. Mutu wake unawerama pang'ono kumanzere. Ankangoona manja ake akuthamanga ngati a munthu wina, ndipo anayesa kuwaimitsa koma sanamumvere. Mzere unafika kumapeto. Dzanja lamanzere linauluka.

Pha!

Palibe anaseka. Amai Damaris, amene anagwira ntchito ndi a Kumwenda zaka zambiri, anagwira pamtima n'kutuluka panja osatsanzika.

Fridah anakhoza, ndipo anaposa onse. Anamupatsa mpando wa wotayipa wamkulu, umene unali wopanda munthu chichokere a Kumwenda. Nyumba inatsala, ana anapitiriza sukulu. Jack ankauza aliyense womugulira tiyi kuti chipinda chija chinakhala bata kuyambira usiku umenewo, ndipo iye anayamba kugona tulo pa ntchito monga alonda anzake.

Koma pa Chama nkhani sigona. Azimayi a kumsika ankati mkulu uja sanapite kulikonse, anangopeza pokhala. Ena ankati ntchito ija inali yake kuyambira kale, wangobwera kudzaitenga. Mwana wamkulu wa Fridah anauza anzake kusukulu kuti amake masiku ano amagula fodya wa pamphuno, ndipo usiku zala zawo zimagunda pa mphasa mpaka tambala.  Amai Damaris anangopempha kuti tebulo lawo alisamutsire chipinda china.

Tsiku lina masana kunabwera mlimi wa ku Chikwa, akufuna dalaivala wina watsopano wa pa ofesipo, amenenso dzina lake linali Kumwenda. Posadziwa khomo, anaima pa khonde n'kuitana.

"A Kumwenda! A Kumwenda alipo?"

M'chipinda cha wotayipa mvula inaleka.

"Ndilipo," anayankha Fridah. "Lowani."