Loyce Anatsalira ku Koleji

Izi sindinazitole pamsika ayi. Anandiuza ndi Tryphena, amene ankagona chipinda chimodzi ndi malemu Loyce, ndipo Tryphena si munthu wothira mchere nkhani.

Kenan ndi mlongo wake Loyce ankaphunzira pa koleji imodzi pa boma la Lundazi. Loyce anabadwa ndi mwendo wopuwala, ankachita kuukhwekhwereza. Makalasi akatalikirana ankafika aphunzitsi atayamba kale, thukuta lili kamukamu, ena akumuseka. Zinkamuwawa Kenan. Ndiye anakhala pansi n'kupanga apu ya pafoni. Ukasankha maphunziro ako, apuyo imakukonzera nthawi kuti asawombane, n'kukupezera zipinda zoyandikana. Ukalowa m'kalasi umadina "Ndafika," anzako n'kudziwa pomwe uli. Koleji yonse inaikonda, koma mwini wake anapangira munthu mmodzi yekha.

Mvula itayamba, Loyce anadwala malungo a muubongo ndipo sanachedwe kutsamira mkono. Maliro anawanyamula mothamanga pa lole yobwereka kupita kwawo ku Chikomeni, poopa kuti mitsinje idzaza. Foni ya malemuyo Kenan anaiika pansi pa sutikesi, batire litatheratu. Dzina lake mu apu muja sanalifufute. Chala chinkakana.

Lolemba lina dzuwa likulowa, foni ya Kenan inalira. Anayang'ana. "Loyce: Ndafika."

Anathamangira ku sutikesi. Foni ija inali pomwepo, yozizira, yakufa. Anaitana Tryphena, napita onse ku chipinda chimene apu inasonyeza. Phunziro la madzulo amenewo linali litalephereka, munalibe munthu. Achule amene ankalira m'dambo anangoti zii. Kenako kunamveka fungo la sopo wa ndimu, yemwe Loyce ankasambira. Pakhonde panayamba kumveka phazi. Limodzi kuponda, linalo kukhwekhwereza. Mpando wa pafupi ndi chitseko unalira.

"Ba Kenan," Tryphena ananong'ona, "mwamvela? Ni mwendo uja."

Zinapitirira tsiku ndi tsiku. Anzake anayamba kuuthawa mpando uja. Koma Kenan, ndinene zoona, anayamba kuidikira foniyo kuti ilire. Ikalira, mtima unkakhala pansi ngati mlongo wake wangopita kukalasi.

Tryphena ndiye anamukakamiza kuimbira asibweni, mchimwene wa amayi ake, amene amakhala ku Kapichila. Mkuluyo anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa motsitsa mawu.

"Pa lole paja, ndani anamuuza kuti tiyenda ku nyumba? Pa mitsinje, ndani anamuuza kuti tiwoloka?"

Panalibe. Kenan anali kutsogolo ndi dalaivala, akulira, ndipo anyamata a kumbuyo ankangoimba nyimbo.

"Ndiye munanyamula thupi chabe, mphwanga. Mwana akali pa sukulu, sadziwa kuti zinasila, kuti anamwalira. Kamutenge."

Kenan anazengereza. Akamuperekeza, foni ija sidzaliranso, ndipo adzatsala yekhayekha. Koma anaganiza za mlongo wake akukhwekhwereza mwendo pakati pa anthu omuthawa, opanda womulonjera. Anatsimikiza mtima kuti amuperekeza.

Loweruka m'mawa anabwereka njinga yamoto, sanauze wina aliyense kumudzi. Anaima pakhomo la kalasi lija, Tryphena ali pambali.

"Mdumbu wane, sukulu yasila. Tiye ku kaya," anatero Kenan m'chiyankhulo cha kwawo, kumuuza mlongo wake kuti sukulu yatha, azipita kumudzi.

Atakwera, njinga inatsika kumbuyo. Tryphena akuti anaona ndi maso ake tayala likuphwanyika ngati pakhala munthu.

Ulendo wonse Kenan sanacheuke. Pa mtsinje uliwonse ankaima n'kunena kuti, "Loyce, tiwoloka." Pa mtsinje womaliza mawu anakana kutuluka. Madzi okha ndiwo ankasokosa. Ndiye anamva zala zikugwira malaya ake kumsana. Zozizira. Zofatsa. Analankhula, nawoloka.

Anapeza amayi ake pabwalo akusankha mtedza. Mayiwo anaika lichero pansi, nadzuka. Anamudutsa Kenan ngati sanamuone, napita kumbuyo kwa njinga, natambasula manja.

"Wakhalisa, mwana wane," anatero. "Bwela, upumule."

Anayenda pang'onopang'ono kulowera m'nyumba, dzanja lili m'malere ngati akumbatira phewa la munthu, natseka chitseko. Kenan anatsala panja atagwira njinga yopepuka ija, akulira ngati maliro ndi a lero.