Musaime, a Gido!

Uyu ndi Daryna. Ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Amakhala ndi amayi ake mumzinda wathu wa Saskatoon. Nyumba yawo inayang'anana ndi yanga, ndiye nkhani zake ndimazidziwa bwino.

Daryna ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kuti agogo ake asachoke.

Agogo akewo ndi a Wasyl, bambo a amayi ake. Daryna amawaitana kuti a Gido. Ndi mmene amaitanira agogo aamuna kubanja kwawo.

A Gido ankalima tirigu ku famu. Famuyo ili kutali kwambiri. Ankakhala okhaokha. Mawondo awo anali atayamba kuvuta. Amayi a Daryna anawapempha kuti adzakhale mumzinda.

"Ndiyesa sabata imodzi," anatero a Gido. "Ndikapanda kupakonda, Lamlungu ndibwerera kwathu."

Lolemba linadutsa. Lachiwiri linadutsa. A Gido ankangokhala pawindo. Loweruka linafika. Linatsala tsiku limodzi basi.

M'mawa amayi anapita kuntchito. Daryna anavala jekete, chipewa ndi magolovesi.

"A Gido, dzukani pampandopo! Lero ndikuonetsani mzinda wathu."

"Muli chiyani mumzindamo, mdzukulu wanga?"

"Muli mtsinje. Muli njati. Muli mathirakitala akale. Muli bwalo lotsetserekapo pamadzi oundana. Mukaziona, simuchokanso."

"Ee? Tiye tikaone," anatero a Gido.

Kunja kunali koyera kuti mbee. Chipale chofewa chinali chitagwa sabata yonse. Kuzizira kwake kunali koluma mphuno. A Gido anazula chingwe chamagetsi chotenthetsa injini. Galimoto yawo yakale ya ku famu inatsokomola kawiri. Kenako inalira. Ulendo unayambika.

Tsopano a Gido ali ndi kachitidwe kawo. Ku famu, ukakumana ndi galimoto pamsewu, umakweza zala ziwiri pachiwongolero. Umenewo ndiye moni. Mnzakoyo nayenso amakweza zala zake.

Galimoto yofiira inabwera. A Gido anakweza zala ziwiri. Palibe anayankha.

Galimoto yoyera inabwera. A Gido anakweza zala ziwiri. Palibe anayankha.

Basi yaikulu inabwera. A Gido anakweza zala ziwiri. Palibe anayankha.

"Kodi anthu a kuno zala zawo zinauma ndi chisanu?" anafunsa a Gido.

"Ayi, a Gido. Magalimoto ndi ambiri. Zala zingatope."

"Moni satopetsa munthu," anatero a Gido.

Anafika ku mtsinje. Anaima pafupi ndi mlatho. Mtsinje unkafuka nthunzi chifukwa cha kuzizira. Mitengo yonse inali yoyera.

"Taonani, a Gido! Mlatho uwu, mlatho uwo, wina uli uko!"

"Milatho yonseyi mtsinje umodzi? Kodi anthu a kuno sagwirizana powolokera?"

"Koma mwapakonda?"

"Ndi pabwino," anatero a Gido. Koma sanamwetulire.

Anapita kumalo osungirako nyama. Anaona njati zaubweya wambiri. Chipale chinali pamisana pawo. Njati imodzi inawayang'ana a Gido. A Gido nawonso anaiyang'ana.

"Iwenso anakubweretsa mumzinda?" anaifunsa. "Pepa, mnzanga."

"Koma mwazikonda?" anafunsa Daryna.

"Ndi zabwino," anatero a Gido. Koma sanamwetulire.

Anapita kunyumba yosungiramo zinthu zakale. Munali mathirakitala ambirimbiri. Onse anali opukutidwa bwino. A Gido anaima pa thirakitala yobiriwira.

"Iyi akuti yakale? Yanga ndi yofanana nayo, ndipo ikulimabe! Ndiye kuti inenso andiimike pompano. Andipukute, andilembe dzina pamimba."

Daryna anaseka. A Gido sanaseke. Mtima wa Daryna unayamba kuda nkhawa. Panatsala malo amodzi okha, bwalo lotsetserekapo pamadzi oundana.

Atatuluka, chipale chinali chikugwanso. Msewu waukulu unali wodzaza magalimoto. A Gido sakonda kudikira. Anaona kamsewu kakang'ono kumanja.

"Tidulire apa," anatero.

"A Gido, mmenemo sanachotsemo chipale!"

"Galimoto iyi imadutsa m'munda. Ingaope kamsewu aka?"

Pepani, a Gido. Galimoto inalowa. Inayenda pang'ono. Kenako inati tswii, n'kuima. Mateyala ankangozungulira. Fwiii! Fwiii! Galimoto inali itatitimira.

A Gido anatuluka ndi fosholo. Anakumba kutsogolo. Anakumba kumbuyo. Mawondo anayamba kuwawa. Anayesanso kuyendetsa. Fwiii! Fwiii! Galimoto sinasunthe.

A Gido anazimitsa injini. Anapumira m'mwamba.

"Kwathu, mnzanga akanabwera ndi thirakitala," anatero. "Kuno atidziwa ndani? Anthu osayankha moni angathandize munthu? Mawa ndikupita, Daryna. Mzinda uno si wanga."

Daryna anamva chisoni kwambiri. Misozi inalengeza m'maso. Koma sanalire. Anatsika m'galimoto. Anapita kumbuyo. Anaika manja ake awiri pagalimoto. Anayamba kukankha.

Anakankha, anakankha, anakankha. Nsapato zake zinaterereka. Anagwa chafufumimba m'chipale. Anadzuka. Anakankhanso.

Chitseko cha nyumba ina chinatseguka. Munatuluka mayi wamtali atanyamula fosholo. Dzina lawo ndi mayi Lavallee.

"Iwe kamtsikana, wadya chiyani lero? Ukufuna kukankha chigalimoto chonsechi wekha?"

Mnyamata wina ankadikira basi pangodya. Anaika chikwama chake pansi, n'kubwera. Galimoto ina inaima. Munatuluka abambo awiri. Palibe anawaitana. Palibe anafunsa dzina la mnzake. Onse anangoika manja pagalimoto.

"Iwe kalowe, ukakhale ndi agogo ako," anatero mayi Lavallee. "Agogo, lizani injini! Pang'onopang'ono!"

Daryna analowa. A Gido analiza injini.

"Imodzi, ziwiri, zitatu, kankha!"

Galimoto inagwedezeka. Inagwedezekanso. Kenako inatuluka m'dzenje!

"Musaime!" anakuwa anthu aja. "Musaime! Pitirirani!"

Aliyense mumzinda muno amadziwa zimenezi. Ngakhale mwana amadziwa. Akakukankha m'chipale, suima. Ukaima, utitimiranso. Koma a Gido ndi a Gido. Anthu akuthandize, iwe n'kungopita osathokoza? Anaponda buleki. Anatuluka. Anavula golovesi. Anagwira chanza aliyense.

"Zikomo, mayi. Zikomo, mwana wanga. Zikomo, bambo. Zikomo, bambo."

Anabwerera m'galimoto. Fwiii! Fwiii! Yatitimiranso!

Mayi Lavallee anagwira m'chiuno. "Agogo inu! Mwatipatsa zikomo, mwatipatsanso ntchito!"

Onse anaseka. Anaikanso manja pagalimoto.

"Imodzi, ziwiri, zitatu, kankha!"

Galimoto inatulukanso.

"Musaime! Musaime!"

A Gido anayesetsa. Ndithu anayesetsa. Koma phazi lawo linapita lokha pabuleki. Anatsitsa galasi. Anatulutsa mutu.

"Ndimati ndinene kuti zikomo kachiwiri!"

Fwiii! Fwiii!

Mnyamata uja anakhala pansi m'chipale ndi kuseka. Basi yake inadutsa, iye osaiona n'komwe.

"Agogo, kodi mukufuna tigone pompano?" anafunsa.

Tsopano Daryna anagwira mkono wa a Gido. Anawayang'ana m'maso.

"A Gido, mverani ine. Inu muziyang'ana kutsogolo. Ine ndiziyang'ana kumbuyo. Kuthokoza ndithokoza ndine."

"Chabwino, abwana," anatero a Gido.

"Imodzi, ziwiri, zitatu, kankha!"

Galimoto inatuluka kachitatu.

"Musaime, a Gido! Musaime!" anakuwa Daryna. Anatembenuka. Anabaibitsa ndi manja onse awiri. "Zikomo! Zikomo! Zikomo!"

A Gido sanaime. Anayenda mpaka kumsewu waukulu. Kumeneko anaimika galimoto pamalo olimba. Kenako anagwira Daryna dzanja. Anabwerera wapansi kuti akathokoze bwinobwino.

Koma anthu aja anali atapita. Abambo awiri aja anali atapita. Mnyamata uja anali atapita. Panatsala mayi Lavallee okha, akukutumula fosholo yawo.

"Apita? Sindikudziwa ngakhale mayina awo!" anatero a Gido.

"Inenso sindikuwadziwa," anatero mayi Lavallee.

"Nanga ndiwathokoza bwanji?"

"Musavutike, agogo. Chipale sichinathe. Mupeza wina atatitimira. Mukamukankhe ameneyo."

A Gido anayang'ana mapazi ambirimbiri m'chipale. Kenako anamwetulira. Aka kanali koyamba sabata yonse.

Dzuwa linali litapendeka. Ku bwalo lotsetserekapo sanapitenso. Anatembenukira kunyumba.

Atalowa mumsewu wathu, anaona galimoto yaing'ono yabuluu. Mateyala ake ankangozungulira. Fwiii! Fwiii! Woyendetsa wake anali atakwiya, akumenya chiwongolero. Munthu ameneyo ndinali ine. Inde, ine, amene ndakhala mumzinda muno zaka zonsezi. Manyazi ake!

A Gido anaimika galimoto yawo. Sanandipatse moni. Sanandifunse dzina. Anakumba pang'ono ndi fosholo. Anaika phewa kumbuyo kwa galimoto yanga. Daryna anawerenga.

"Imodzi, ziwiri, zitatu, kankha!"

Galimoto yanga inatuluka. Kumbuyo ndinamva mawu aakulu, okwana munda wonse wa tirigu.

"Musaime, mayi! Musaimeee!"

Sindinaime. Koma madzulo ndinawoloka msewu. Ndinawatengera mapirogi otentha, timikate towiritsa tokhala ndi mbatatesi mkati, chakudya chimene a Gido amakonda. Amayi a Daryna anali atabwera kuntchito. Anandikhazika patebulo. Tinadya tonse.

Daryna sankadya. Ankangoyang'ana a Gido. Amayi ake nawonso ankayang'ana a Gido. Kenako amayi anafunsa motsitsa mawu.

"Bambo, mawa munyamuka nthawi yanji?"

A Gido anatafuna. Anameza. Anapukuta pakamwa.

"Mawa? Iwe, sunamve pawailesi? Mawa kugwa chipale chambiri. Magalimoto atitimira msewu wonse uno. Anthu a kuno kuyendetsa sadziwa." Apa anandiloza ine ndi foloko. "Ndikachoka, awakankha ndani?"

"Nanga mawondo anu?" anafunsa amayi.

"Ine ndizikumba. Okankha abwera okha. Kuno amabwera okha."

"Ndiye mukhala mpaka liti, a Gido?" anafunsa Daryna.

"Mpaka chipale chithe."

"Chikatha?"

"Chikatha tidzaona. Ku bwalo lako lija sitinafike."

Daryna analumpha pampando. Anawakumbatira a Gido pakhosi. Amayi ake anatembenukira kumbali, akupukuta m'maso. Inenso, kunena zoona, ndinasangalala kwambiri.

Kenako Daryna anathamangira pawindo. Kunja chipale chinali chikugwa mwakachetechete. Anagunditsa mphuno pagalasi. Ananong'ona, koma tonse tinamva.

"Zikomo, chipale. Chonde, usasiye kugwa."