Mizere Imene Tikondane Anafufuta

Pa Chiringa panalibe munthu wosadziwa khomo la a Dyson Makina. Bamboyu ankakonza njinga pansi pa mtengo wa mango, Lamulungu n'kukatumikira monga mkulu wa mpingo. Akazi awo, a Zelifa, ankalima nandolo. M'nyumba mwawo simunkalowa botolo la mowa ngakhale lopanda kanthu. Chuma chawo chinali kafoni kamabatani komanga ndi mphira, ndipo kafoniko kanali ka mudzi wonse. Wopita kuchipatala, wolembetsa makuponi, wokhala ndi mwana ku Joni, onse ankapereka nambala ya a Makina. Kakalira, bamboyo ankaponya sipanala pansi n'kupalasa kukanena uthenga kwa mwiniwake.

Ana anali awiri. Belita, wamkulu, analekeza Sitandade 5 n'kumaphika kalongonda wogulitsa pamsika zaka zinayi, mpaka mchimwene wake Tikondane anamaliza kozi ya makompyuta ku Blantyre.

Namondwe wa Freddy atatsitsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Michesi, nyumba ya Belita inapita, mwamuna wake n'kupita nayo. Anatsala m'tenti ndi ana atatu. Patapita miyezi, bungwe lina linatsegula ofesi pa boma la Phalombe kuti lipatse malata mabanja ogumukiridwa nyumba, ndipo linamulemba ntchito Tikondane.

"Mulungu wakuika pakhomo lotulukira thandizo," anatero a Zelifa pomutsanzika. "Usakalitseke ndi msana wako."

Bwana wake anali a Chiukepo, ochokera ku Rumphi, munthu wosaseka chisawawa. Anamutsegulira fayilo ya mayina pa laputopu. Mzere uliwonse unali banja limodzi: dzina, mudzi, ana angati, nambala ya foni. Mizere inalipo 2,400.

"Sikiriputi ndi kafayilo ka malamulo," anatero a Chiukepo. "Umaiuza kuti mzere uliwonse wokhala ndi zakutizakuti uuchotse, iyo n'kuchotsa. Siifunsa, siimva chisoni. Ndiye tamvera. Usanakhudze fayilo, koperako ina uisunge pambali. Mizere yochotsayo uyambe waitulutsa ndi lamulo lofufuzira lija la grep, uiwerenge ndi maso ako. Pomwe wakayika, kwera njinga yamoto ukafunse. Ndipo lamulo la sed lokhala ndi -i lija limafufuta m'fayilo momwemo, osabwereranso. Limenelo ndi nkhwangwa, si chosewera nacho."

"Zimenezi tinaphunzira chaka choyamba, bwana," anayankha Tikondane.

"Ndiye ndakuuzanso kachiwiri."

Mutu anali nawo mnyamatayo, chilungamo tinene. Ntchito ya tsiku lonse ankaimaliza tiyi wa m'ma 10 asanazizire. Vuto la ana ophunzirawa ndi lomwelo: akangodziwa kugogoda mabatani, amayesa tonse otsalafe ndife mbuzi. Nthawi yotsalayo anaipereka kwa Rodney, dalaivala wa bungwelo, yemwe ankadziwa malo alionse okhala ndi tebulo la pulu ku Migowi.

"Aise, botolo limodzi si tchimo," ankatero Rodney. "Ngakhale injini imafuna madzi."

Limodzi linabala anayi. Tikondane anayamba kufika ku ofesi maso ali psuu, akutafuna chingamu.

Loweruka lina anapita kwawo. A Zelifa anangomununkhiza akupereka moni.

"Chingamu ichi chikubisa chiyani?"

"Amayi, n'za m'tauni izi, simungazimvetse."

"Mphuno yanga sinapite kusukulu, koma imakhoza mayeso."

A Makina anali chiweramire pa wilo la njinga. "Iwe Tiko, ine ndikamanga mabuleki, ndimayamba ndakwera ndekha ndisanam'patse mwiniwake. Ntchito yako ija umaikwera kaye?"

Asanayankhe, kafoni kanalira. Anali anthu a kuchipatala, akufuna mayi wina wa kutsidya la mtsinje. A Makina ananyamuka kukanena. Tikondane anaseka. "Ababa, mwasanduka positi ofesi." Anaona ndi maso ake zimenezi. Asadzanene kuti sankadziwa.

Lachisanu lina m'mawa, a Chiukepo anamuitana atanyamula kale chikwama. "Ndikupita ku msonkhano ku Blantyre. M'fayilo muja muli mizere 312 yomwe nambala zake za foni zikubwerezabwereza. Mwina ena analembetsa kawiri, mwina ayi. Tenga njinga yamoto, lero Chiringa, mawa Chiwalo, ukafunse khomo ndi khomo. Ukamaliza utumize mndandanda kulikulu. Malata agula molingana ndi mayina omwe utumizewo, osaonjezera ngakhale limodzi."

Galimoto ya bwana isanathe n'komwe fumbi, Rodney anasuzumira pazenera.

"Mawa tikukaotcha mbuzi ku Fort Lister. Kukubwera anamwino atatu a ku Zomba, wina wafunsa kale za iwe."

"Ndili ndi ulendo wa ku Chiwalo."

"Chiwalo? Ukapse ndi dzuwa kufunsa agogo mayina awo? Nanga kompyuta inabwerera chiyani? Munthu wa satifiketi kumayenda khomo ndi khomo ngati wogulitsa usipa! Anthu akumudzi ndi akathyali, aise, analembetsa kawiri basi. Fufuta."

Tikondane anayang'ana makiyi a njinga yamoto, anayang'ana laputopu. Analemba sikiriputi ya mizere inayi: itole nambala iliyonse yopezeka koposa kamodzi, kenako sed -i achotse mzere uliwonse wokhala ndi nambala imeneyo. Sanakopere fayilo. Sanaitulutse mizereyo kuti aiwerenge, poti Rodney ankaliza hutala panja. Anadina batani. Kompyuta sinanene kanthu, sinatsokomole n'komwe. Mizere inatsala 2,088. Anatumiza kulikulu ndi mawu akuti, "Onse ndawayendera, ndatsimikiza."

Mbuzi ya ku Fort Lister inali yonona, akutero omwe anadya.

Patatha masabata atatu, malole anafika pabwalo la mpira la pa Chiringa. Anthu anadzaza ndi njinga, ngolo ndi zingwe. Belita anabwera ndi kamwana kake kotsiriza, Micheal, kumbuyo, a Makina atam'kankhira njinga ziwiri zomangirira malata. Woitana mayina pa chimkuzamawu anali Tikondane yemweyo, atavala tisheti ya bungwe.

"Ndi mchimwene wanga uyo," Belita ankauza amayi anzake. "Kalongonda wanga ndi ameneyo."

Mayina anaitanidwa mpaka dzuwa kupendeka. Malata anatha. Tikondane anapinda pepala lomaliza, koma anthu ambirimbiri anali chiimire ndi zingwe zawo m'manja.

Belita anafika kutsogolo akumwetulira. "Tiko, wandidumpha. Tayang'ananso."

Anayang'ana. Anatembenuza mapepala onse kawiri.

"Mwina ndi kulikulu, achemwali. Kompyuta nthawi zina..."

"Kompyuta yatani?" anafunsa a Chiukepo, omwe anali atafika kumbuyo kwake. Anayamba kufunsa otsalawo mmodzimmodzi nambala yomwe analembetsa. Mayi woyamba anatchula ya a Makina. Wachiwiri, yomweyo. Belita, yomweyo. Mabanja asanu ndi anayi, kafoni kamodzi komanga ndi mphira. Ena anatchula ya mphunzitsi, ena ya wogulitsa m'golosale.

A Chiukepo anatsegula laputopu pa boneti ya galimoto. Kompyuta imasunga malamulo onse omwe munthu waipatsa, ilibe chibale. Sikiriputi ija inali pomwepo, ndi tsiku lake.

"Fayilo yokopera ili kuti?"

Tikondane anayang'ana pansi.

"Ku Chiwalo unapita?"

"Ayi, bwana."

"Kuno kwanu kumene?"

"Ayi."

"Matabuleti, timakompyuta tam'manja tomwe tinalembera mayina m'midzi, tinawapukuta zonse za m'kati n'kuwatumiza ku Nsanje. Fayilo inali yomweyi basi." A Chiukepo anatembenukira kwa anthu n'kulankhula mokweza. "Makolo anga, aliyense amene analembetsa nambala yobwereka, dzina lake linafufutidwa mu ofesi mwathu. Palibe analakwa mwa inu."

Bwalo linawira. Bambo wina analoza a Makina. "Foni yanu yatiphetsa! Munapangana ndi mwana wanu!" Mayi wina anawaponyera chingwe kumapazi. Mkulu wa mpingo, munthu woti anapalasa zaka khumi kunyamula mauthenga a eni popanda kulandira ngakhale chinangwa, anatukwanidwa pamaso pa mwana wake.

A Makina anatulutsa kafoni kaja n'kumuonetsa Tikondane.

"Nambala iyi sukuidziwa? Si yomwe unkaimba uli ku Blantyre sopo akakuthera?"

"Sindinaiwerenge mizereyo, ababa."

"Sunaiwerenge." Bamboyo anagwedeza mutu. "Ukanangoyang'ana kamodzi, ukanaona dzina la mlongo wako."

Belita anamanga bwino mwana kumbuyo, anatenga njinga imodzi yopanda katundu n'kumaikankha kubwerera kutenti. Rodney anali m'galimoto, magalasi atakweza, akumvera wailesi.

Lolemba Tikondane anabweza laputopu ndi tisheti. A Chiukepo analemba makalata kulikulu, koma yankho linali limodzi: malata anagulidwa molingana ndi mndandanda, ntchitoyo yatsekedwa.

Mnyamata wa satifiketi uja anabwerera kwawo, wosatha kudutsa pamsika masana. Kafoni ka bambo ake kanasiya kulira, poti anthu anakapereka nambala zina. A Makina anapempha okha kutula udindo kumpingo. Tsiku lina a Zelifa anam'ponyera Tikondane kope la sukulu ndi bolopeni.

"Misozi siifolera nyumba. Unafufuta utakhala pampando, ukalembe ukuyenda."

Tikondane anatenga njinga ya bambo ake. Ulendo womwe anaukana wa masiku awiri unamutengera miyezi iwiri, poti analibenso mndandanda womulozera. Ankafunsa mudzi ndi mudzi, Chiringa mpaka Chiwalo, ndani anabwerera ndi chingwe chokha. Ena anam'thamangitsa. Agogo ena anam'patsa madzi akumwa, ndipo zimenezo zinam'pweteka kuposa kutukwanidwa. Mwa onsewo, olembetsa kawiri sanapeze ndi mmodzi yemwe.

Mvula inayamba asanamalize. Tenti ya Belita, yopsa ndi dzuwa miyezi yonseyi, inang'ambika pamwamba. Mphasa zinkagona m'madzi. Micheal anayamba kutsokomola, kenako kubanika. Kuchipatala anati ndi chibayo. Anatha masiku anayi.

Pamaliro Tikondane anakumba nawo manda, osadzutsa mutu.

M'kope muja munali mayina 311. Linatsala limodzi, ndipo ankalizemba. Itatha sabata anapita, n'kupeza Belita akusoka tenti ndi ulusi wa thumba. Anagwada patali.

"Achemwali, ndabwera kudzakulembani. A Chiukepo akuti mwina bungwe lina lidzaona kopeli."

Belita anapitiriza kusoka. "Lemba."

"Dzina?"

"Waliiwalanso?"

Analemba dzinalo. Analemba mudzi. Anafika pa funso lachitatu n'kuima.

"Funsa," anatero Belita. "Si ntchito yako?"

"Ana angati?"

"Pa mzere unafufuta uja anali atatu. Lemba awiri."

Analemba awiri. Inki inabalalika pomwe panagwera msozi, koma nambalayo inkawerengeka bwinobwino.

Kopelo lili ku ofesi mpaka lero, malata sanabwere. Tikondane analeka mowa, amathandiza bambo ake kumata machubu, ndipo udzu wofolera kanyumba ka Belita anamweta yekha. Mulungu amakhululuka, inde, koma Micheal ali m'manda.

Inu achinyamata ogogoda mabatani, imvani. Ulesi ndi tchimo, ndipo ulesi wa munthu wophunzira umapha anthu ambiri kuposa wa ife a khasu. Waulesi wakumunda amagonetsa ndi njala nyumba yake yokha. Inu mukachita ulesi, midzi imagona pamvula. Musanafufute mzere, sungani fayilo ina, werengani ndi maso anu, pomwe mwakayika nyamukani mukafunse. Mzere umene mukuuona ngati zinyalalawo uli ndi ana, ndipo mwina ndi mlongo wanu amene anakuphikirani kalongonda.